Thumba la nyemba ndi chimanga

Ntchito yanga ndi yofunsa anthu zinthu zimene safuna kunena. Ndimayenda m'mayunivesite ndi mafomu a kafukufuku, kufunsa ophunzira za likasa pamayeso, za chamba, za kugonana popanda kondomu. Nditangoyamba ndinkafunsa maso ndi maso, ndipo mafomu ankabwera oyera mbee. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti anaberapo mayeso! Sindinawaimbe mlandu. Munthu wodziwa kuti likasa limachotsetsa sukulu angaulule bwanji kwa mlendo wogwira cholembera?

Masiku ano ndimanyamula kathumba ka nsalu. Muli nyemba 10 ndi maso a chimanga 10. Wophunzira amapisa dzanja ine nditayang'ana kumbali, n'kuona yekha chimene watola, n'kubwezeramo. Akatola nyemba ayenera kuyankha kuti "inde", kaya anachita kaya sanachite. Akatola chimanga anene zoona. Ine ndikamva "inde" sindidziwa ngati wayankhula ndi munthuyo kapena ndi nyemba.

Nzeruyi si yanga ayi. Anaiyambitsa ndi Stanley Warner mu 1965, kungoti iye ankagwiritsa ntchito kamuvi kozungulira. Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti ndafunsa ophunzira 200 ndipo 130 ati "inde". Pafupifupi 100 anatola nyemba, ndiye ndiwachotsa. Otsala 30 achokera mwa 100 a chimanga aja. Ndiye kuti pa ophunzira 100 alionse, pafupifupi 30 anachitapo, koma dzina la mmodzi yemwe sindilidziwa. Kuipa kwake, theka la mayankho limapita ndi nyemba, choncho pamafunika anthu ambiri kuposa pa kafukufuku wamba.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi anthu osalakwa. Tsiku lina mtsikana wina anatola, n'kukhala duu, kenako anati, "Achimwene, ine ndimapemphera. Ndivomere bwanji chinthu choti sindinachite?" Wotereyu akanena "ayi" nyemba ili m'manja, chiwerengero chimatsika, ndipo palibe kompyuta imene ingandiuze kuti anachita zimenezi ndi angati. Enanso amaganiza kuti thumbalo lili ndi chinyengo.

N'chifukwa chake ndisanafunse kanthu ndimakhuthulira thumba patebulo kuti awerenge okha. Kenako ndimatola ineyo, iwo n'kundifunsa ngati ndinaberapo mayeso. Ndikati "inde" amaseka, n'kuyamba kukangana ngati ndatola nyemba. Zimenezi zimanditengera mphindi 15, pamene funso lenilenilo silikwana n'komwe mphindi imodzi.