Kalata Yochokera ku Bindura, Tauni ya Migodi

Bindura,
Mashonaland Central,
Zimbabwe.

Okondedwa amayi, amalume ndi alongo nonse,

Mwana wanu kuno ali bwino, kaya inu ku Dedzako. Wamva zoti amalume akufuna kudzayenda kuno mvula ikatha, kuti adzaone ndi maso awo dziko limene abale ambiri anatchonera. Wakondwa kwambiri, ndipo wati alembe kalata yaitali yofotokoza malo amene mlendo wochokera ku Malawi sayenera kuwadumpha akafika ku Bindura. Alongo, muwawerengere amayi mosathamanga.

Bindura ndi likulu la chigawo cha Mashonaland Central, ndipo ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 88 kumpoto chakum'mawa kwa Harare. Zoona zimayambira panjira. Kombi ikatuluka mu Harare imatsetsereka kulowa m'chigwa cha Mazowe, ndipo posakhalitsa pamaoneka damu lalikulu pakati pa mapiri. Damuli linamangidwa cha m'ma 1920 kuti lizithirira minda ya malalanje, ndipo chakumwa chotchuka chija cha Mazoe, chimene apaulendo amabweretsa kumudzi, chinatenga dzina m'chigwa chomwechi. M'mapiri amenewa ndi mmene munkakhala mayi Charwe, amene ankalankhulira mzimu wa Nehanda. Mu June 1896 anthu a m'chigwachi anaukira azungu amene analanda malo awo, ndipo mu 1898 mayiyu ananyongedwa ku Salisbury. Mpaka lero Ashona amamutchula mwaulemu kuti Mbuya Nehanda. Kupitirira apo msewu umadutsa ku Glendale, pakati pa minda ya fodya, chimanga, soya ndi tirigu wothirira, mpaka mapiri a Bindura kutulukira.

Tauniyi inabadwa ndi golide. Mu 1901 kunatsegulidwa mgodi wa Kimberley Reefs, ndipo malo onse ankadziwika ndi dzina limenelo mpaka mu 1913, pamene njanji inafika ndipo dzina linasintha n'kukhala Bindura. Pakati pa tauni sipatopetsa kuyenda wapansi: masitolo, mabanki, chipatala ndi maofesi a boma zili moyandikana. Koma anthu ambiri amakhala ku Chipadze ndi ku Chiwaridzo, ndipo kumeneko ndiye kuli phokoso la tauni. Pamsika wa ku Chipadze amalume adzamva Chishona kumbali iyi, Chinyanja kumbali iyo, ndipo asadzadabwe mayi wogulitsa matimati akadzawafunsa mfumu ya kwawo.

Malo oyamba kupitako ndi mgodi wa Trojan, kunja pang'ono kwa tauni. Kumeneko kumakumbidwa nikelo, chitsulo chimene amasakaniza ndi chinzake kuti chisachite dzimbiri, ndipo masiku ano chimalowanso m'mabatire. Kampani ya Anglo American ndi imene inakuza mgodiwu m'zaka za m'ma 1960, n'kumanga ng'anjo yosungunulira miyala ndi fakitale yoyeretsera chitsulocho. Munthu ali patali amaona nsanja yachitsulo imene imatsitsa anthu pansi, chumuni chachitali, ndi milu ya dothi lotsala imene inakula mpaka kusanduka zitunda. Trojan yaona zokoma ndi zowawa. Inaima mu 2008 mitengo ya nikelo itagwa komanso chuma cha Zimbabwe chitasokonekera, inadzukanso cha mu 2012, kenako inaimanso mu 2023. Mgodi ukaima, tauni yonse imamva: ogulitsa pamsika, eni nyumba za lendi, ngakhale ana asukulu.

Mgodi wachiwiri ndi Freda Rebecca, wa golide, umene unayamba mu 1988 ndipo ndi umodzi mwa migodi ikuluikulu ya golide m'dziko muno. Kwa zaka zingapo unali m'manja mwa kampani ya ku Ghana ya Ashanti Goldfields, n'chifukwa chake anthu ambiri amangoti ku Ashanti. Mlendo saloledwa kulowa wopanda chilolezo, koma maenje ake akuluakulu ndi milu ya miyala zimaonekera panja.

Pali migodi inanso imene mwana wanu akupempha kuti amalume adzaionere patali. M'mapiri ndi m'mphepete mwa mtsinje wa Mazowe muli anyamata osawerengeka okumba golide paokha, amene kuno amatchedwa makorokoza. Amalowa m'maenje akale ndi tochi pamphumi, chingwe ndi nyundo. Mu November 2020 dzenje la mgodi wakale wa Ran, pafupi ndi tauni, linagumuka madzi n'kudzaza, ndipo anthu ambiri anatsekeredwa pansi. Mayi aliyense amene mwana wake akuti akupita kukafuna golide ku Zimbabwe ayenera kumva nkhani imeneyi.

Tsopano malo amene ali pamtima pa mwana wanu: makomboni. Mabuku a alendo salemba za komboni, koma kwa munthu wa ku Malawi palibe malo oposa amenewa. Agogo athu ankachoka ku Nyasaland wapansi, n'kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kulowa Rhodesia kudzera ku Mount Darwin kapena ku Mutoko. Ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena anakwera malole aulere a boma otchedwa Ulere kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Olowera ku Mount Darwin, ntchito yoyamba ankaipeza m'mafamu ndi m'migodi ya chigwa chino, ndipo ambiri anathera pomwepo. Ku Shamva, tauni ya golide yoyandikana ndi Bindura chakum'mawa, ogwira ntchito mumgodi ananyanyala mu 1927 chifukwa cha malipiro ochepa, ndipo anthu a ku Nyasaland anali patsogolo pa sitalakayo.

Zidzukulu zawo zilipo. Ndi a Phiri, a Banda, a Mwale, a Mbewe, amene ambiri sanapondepo ku Malawi koma amatchula mudzi ndi mfumu ya agogo awo osaphonya. Loweruka kapena Lamulungu masana, ng'oma ikalira kukomboni, Gule Wamkulu amatuluka. Ashona amati zvigure, ena amaopa n'kuthawa, koma nyimbo zake ndi zakwathu, amayi oombera m'manja ndi akwathu, ndipo fumbi limabuka chimodzimodzi. Amalume, inu odziwa za kudambwe, mudzayambe mwaonana ndi akuluakulu, ndipo mudzatenge kangachepe kosupira. Kuli mipingo ya CCAP, kuli mizikiti ya abale athu Achiyawo, kulinso magulu othandizana pamaliro amene akhala akuika machona m'manda mwaulemu kwa zaka zambiri. Manda a kukomboni amalume adzawayendere ndithu, chifukwa akuluakulu a maguluwa amakumbukira kuti ndani anagona pati ndiponso kuti anachokera boma liti.

Anthuwa avutikapo ndi nkhani ya unzika. Lamulo la mu 2001 linasiya ambiri obadwira kuno ali opanda dziko, zitupa zawo zitalembedwa kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe amene kholo lake linachokera m'dziko la SADC ndi nzika, ngakhale alipo okalamba ndi ana amene mapepala awo sanalongosokebe. Komabe dzina lawo linamveka dziko lonse kudzera m'magitala. Alick Macheso, katswiri wa nyimbo za sungura wobadwa mu 1968, anakulira m'mafamu a dera la Shamva, ndi wa magazi a ku Malawi, ndipo amaimbanso m'Chichewa.

Amayi, inu okonda zopemphera, Bindura ili ndi mbiri yanunso. Mu 1960 mlaliki Ezekiel Guti anayamba kulalikira pansi pa mtengo wa bulugamu m'tauni muno, ndipo mpingo wa ZAOGA unayambira pomwepo n'kufalikira m'maiko ambiri, ku Malawi komwe. Guti anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 100, ndipo akhristu a mpingowu amabwera ndi mabasi kudzapemphera kuphiri kumene iye ankapemphera. Mpingowu unamanganso yunivesite yotchedwa dzina lake. Ina ndi ya boma, Bindura University of Science Education, imene inayamba mu 1996 pamene maphunziro a aphunzitsi a sayansi, amene kale ankachitikira ku Cuba, anasamutsidwira kuno. Ophunzira a masukulu awiriwa ndi amene akugwiriziza malonda a tauni pamene Trojan yagona.

Tsiku limodzi lidzakhale la kumapiri a ku Masembura, kum'mwera kwa tauni. Kumeneko kuli phanga la Chikupo, limene makoma ake ali ndi zithunzi zofiirira za nyama ndi alenje, zojambulidwa ndi anthu akale a mtundu wa San. Munthu wa ku Dedza akaziona amakumbukira za ku Chongoni. Chakomweko kuli Paradise Pools, maiwe a madzi ozizira pamatanthwe, kumene mabanja amakasambira ndi kuwotcha nyama. Okonda mbedza amapita ku damu la Arcadia.

Za ulendo: amalume adzatulukire pachipata cha Dedza, adzadutse ku Tete, adzalowe Zimbabwe pa Nyamapanda mpaka ku Harare, kumene mwana wanu adzawachingamire. Pasipoti ikhale yosatha. Kuno ndalama yoyenda kwambiri ndi dola ya ku America pamodzi ndi ZiG imene inayamba mu April 2024, choncho adzatenge madola ang'onoang'ono chifukwa chenji imavuta. June ndi July kumazizira usiku, asadzaiwale jekete. Okalamba a kukomboni apempha usipa wouma ndi mpunga wa Kilombero, ndipo amayi akalembetse mayina onse a abale amene anabwera kuno osabwerera, pamodzi ndi ziwongo zawo, kuti amalume adzakhale ndi poyambira pofunsa.

Moni kwa a mfumu, kwa azakhali ndi kwa ana onse.

Mwana wanu wokukondani,
wa ku Bindura.