Nsanja ya asilikali ndi akufa osalembedwa ku Zomba

Kuchokera ku Salima, kumene achinyamata amaphunzira usilikali ku MAFCO, msewu wa M5 umatsikira ku Balaka. Ukatero n'kudutsa pa Liwonde ndi Domasi, phiri la Zomba limayamba kukuphimba. Ukabzola tauni kulowera njira ya ku Blantyre, nsanja ya njerwa zofiira imaonekera pachitunda, pafupi ndi ndende yaikulu ya Zomba. Ichi ndi chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene agogo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya.

Ndinakwera masitepe pang'onopang'ono. Pazikwangwani zachitsulo pali mayina ambirimbiri, ena olembedwa monga mmene mzungu anawamvera. Ndinayenda nawo ndi chala. Pansi pa nsanjayi palibe mitembo yawo. Eni mayinawa anatsala kutali, ena ku Karonga kumene anamenyana ndi Ajeremani pa 9 September 1914, ambiri m'matchire a Tanganyika ndi Mozambique akuthamangitsa gulu la Ajeremani lotsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck. Komabe dzina lilipo, ndipo mwezi wa November uliwonse akuluakulu amabwera kudzaika nkhata zamaluwa.

Chimene chinandiwawa ndi cha amtengatenga. Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma onyamula katundu anayandikira 200,000. Ambiri ankachita kugwidwa m'midzi, mafumu atakakamizidwa. Ankasenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu, ndipo zimene zinawatha ndi kamwazi, chibayo ndi njala kuposa mfuti. Wogwa panjira ankakwiriridwa pomwepo, kapena kungosiyidwa. John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo ya eni, ndipo pofika January 1915 anali ataukira boma. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamala manda a asilikali, linapepesa litavomereza kuti Aafirika zikwizikwi sanakumbukiridwe mofanana ndi azungu. Kumanda a m'tauni ya Zomba miyala ya asilikali achizungu ilipo, uliwonse ndi dzina, udindo ndi tsiku lomwalira.

Nditatsika pachitunda ndinaima moyang'anana ndi mpanda wa ndende. Apa ndiye panayambira mbiri ina imene sitiikamba. Mu 1910 boma la atsamunda linatsegula malo osungira odwala misala ngati mbali ya ndendeyi, ndipo owayang'anira anali alonda a akaidi, osati anamwino. Munthu wosokonezeka mutu ankatengedwa ngati wolakwa: kumutsekera kuti asavute anthu. Chipatala cha Zomba Mental chinadzamangidwa mu 1953, ndipo mpaka lero ndicho chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo, cholandira odwala ochokera m'maboma onse.

Ndinayenda mpaka pachipata chake. Amayi ena anali atakhala pamthunzi ndi zakudya m'mabakuli, kudikira nthawi yoona odwala. Amenewo ndi odwala amwayi. Ena achibale amangowatula, osabweranso, chifukwa kumudzi akuti analodzedwa, kapena anachita kudziputira ndi chamba, ndipo banja likuchita nawo manyazi. Mpaka ana pamasewera amanyozana kuti akutengera ku Zomba.

Kwathu maliro si a munthu mmodzi. Uthenga umapita kwa amfumu, adzukulu amakumba, amayi amagona pasiwa, mwinimbumba amalankhula, ndipo pakapita nthawi abale amasonkhana kudzamanga chiliza. Munthu akafera ku Joni timasonkha ndalama kuti mtembo ubwere kwawo. Nanga amene anafera m'chipinda chotsekedwa cha ndende m'zaka za m'ma 1920, kwawo kuli ku Chipoka kapena ku Khombedza, anamulira ndani? Analibe galimoto yomubweza, analibe womuimbira nyimbo. Anthu amenewa alibe nsanja, alibe tsiku lawo pachaka.

Ngakhale lero m'zipatala zathu zikuluzikulu, mtembo ukakhalitsa m'nyumba yachisoni popanda woutenga, akhonsolo amapereka malo, ndipo kawirikawiri okumba ndi kukwirira amakhala akaidi.