Kuchoka pa Kulima Tower kufika pa Cairo Road: tauni yonse yangena mu foni

Mukaseluka minibasi pa Kulima Tower m'mawa, osathamanga. Imililani pang'ono muyangane. Mukalibe kupeza olo wogulitsa vitumbuwa, maso yanu yazagwela pa tuma booth: twa red twa Airtel, twa yellow twa MTN, apa na apo ka green ka Zamtel, tothinana monga mabokosi ya machisa. Mukati muli mtsikana kapena mnyamata na mafoni yabili yatatu, buku yolembamo na kachola ka ndalama kobisika pamendo. Iyi ndiye banki ya komboni manje. Lendi, ndalama ya ndiwo, ya maliro kumudzi ku Petauke, yonse ipitila pa kawindo ako.

Anthu akamba kuti ma booth yabweletsa nchito, ndipo ni zoona. Koma funsani uja ali mukati. Booth nthawi zambili si yake. Commission ipita kwa mwine, ndipo akapanga shoti, kaya wasokoneza nambala kaya amudyela mutu akawalala, ni pa malipilo yake pamene adula. Boma nayo siinagone: kuyambila January 2024 pali levy pa ndalama yamene mutumizilana pa foni. Pa ndalama ing'ono ni tuma ngwee chabe, koma amene atuma kasanu pa tsiku atumvela. Ndipo ija meseji ya "tumizani ndalama ija pa nambala iyi" ikangena, osaiseka chabe na kuifuta. Tumbani *707#, nambala ya ZICTA, muineneze. Imwe mwachenjela, koma ambuya anu ku Chawama azatuma.

Manje yendani kufika mu Katondo Street. Apa simufunika kufunsa njila, anyamata azakupezani okha: "Bakamba, mugulisa? Tichinje screen? Ba sister, bwelani muone iPhone!" Kuseli kwa chongo ichi kuli nzelu yeniyeni. Muzaona mnyamata wokhala pa kastulu, foni yopasula pa thebulo, waya woonda monga tsitsi pa dzanja, aukitsa foni yamene ku shopu ikulu anakuuzani kuti yafa. Ambili nchito iyi anaiphunzila kwa anzao na pa YouTube, kulibe satifiketi pa chipupa. Mu 2024, pamene madzi yanachepa ku Kariba ndipo malaiti yanali kuyenda pafupifupi tsiku lonse, power bank na tuma solar ndiye vinali malonda otentha mu tauni. Foni ikazima, malonda yazima.

Chenjezo limodzi: mukasiya foni kuti aikonze, chotsani SIM na memory card. Mu kabokosi ako muli ndalama yanu, chithunzi cha NRC yanu na vija vithunzi vamene simufuna apongozi aone. Foni yotchipa maningi yopanda lisiti nayo isiyeni. Ili na nambala yake ya IMEI, ndipo apolisi akailondola ni pakhomo panu pamene azagogoda.

Mukatulukila pa Cairo Road, pindani kumanzele muyende chakumpoto kufika pa Main Post Office. Makolo athu apa anali kuima pa mzele kuti atumize kalata na ndalama. Lelo yanganani mu mseu: motoka zing'ono-zing'ono, dalaiva maso pa foni yomata pa dashboard. Yango inafika mu Lusaka mu 2022, ndipo kukambilana mtengo na a taxi kunayamba kutha. Kwa imwe wokwela ni bwino, mtengo muuona mukalibe kukwela. Kwa dalaiva, bwana wake manje ni kompyuta. Ndiye iika mtengo, ndiye isankha amene apatsidwa kasitomala, ndiye iwelenga tunyenyezi twamene mwamupatsa. Bwana wa kudala unali kumupempha kuti mwana adwala. Uyu alibe makutu.

AI yamene muimvela pa wailesi ili kale mu thumba mwanu. Nkhongole ya pa foni, palibe munthu amene akhala pansi kuganiza ngati ndimwe okhulupilika. Makina yayangana mwamene musebenzesela laini yanu na mwamene mubwezela, basi yakupatsani malile. Mu ma cafe mwamene kudala anali kutaipa makalata, CV manje ilembewa na ChatGPT mu mamineti yabili, ndipo ya mnzanu wa ku Matero imveka chimodzimodzi na yanu. Ka Meta AI ka mu WhatsApp kayeseni Chinyanja cha mu tauni, muzaseka: kakayesa kuyankha, kakamba monga m'busa wochokela ku Lilongwe. Vosaseketsa ni mavidiyo ya pa Facebook yamene munthu wochuka aoneka akamba na pakamwa pake kuti ikani K500 mawa muzatenga K5,000. Nkhope ni yake, mau ni ya makina.

Nchito za pa intaneti nazo zili na mbuna. Ku Roma, kwa apamwamba, mu April 2024 a DEC na anzao anagwila anthu 77 pa kampani ina ndipo anapeza ma SIM card yopitilila 13,000. Ambili ogwidwa anali achinyamata a kuno kwathu amene analembewa nchito monga ya call centre, kansi anali kuwasebenzesa kunamiza anthu a maiko ena pa WhatsApp na Telegram. Akuluakulu ake, ambili a ku China, khoti inawapatsa zaka 7 kufika 11. Nchito ikakupatsani script yokopela munthu wamene simudziwa, funsani kabili.

Pobwelela chakumwela, kuloza ku Findeco House, kwezani maso pa mapolo. Makamela yaja yakuonani. Mukabedwa chola muzayafuna. Koma funso ni yakuti ndani ayangana, ndipo asunga mpaka liti. Mu April 2025 President Hakainde Hichilema anasaina malamulo yabili, Cyber Security Act na Cyber Crimes Act. Boma ikuti ni yogwilila akawalala a pa intaneti, ndipo kumvetsela foni ya munthu kufunika chilolezo cha khoti. A Law Association of Zambia anadandaula kuti mphamvu zachuluka mbali imodzi, ndipo embassy ya America inachenjeza anthu ake. Amene munavota pa 12 August 2021, mu boma ya PF, mukumbuka mwamene WhatsApp na Facebook vinazimila masana, anthu ali pa mzele. A Chapter One Foundation anathamangila ku High Court, ndipo khoti inalamula ZICTA kuti ivibweze. Tsiku ija anyamata a mu komboni anaphunzitsa makolo ao liu imodzi yatsopano: VPN.