Mlendo wa m'Ngalawa m'Masiku a Mliri

Ife amene tinakulira m'mbali mwa Shire, kufupi ndi Liwonde, tidziwa khalidwe la bwato. Munthu mmodzi akaimirira mosasamala, onse agwedezeka, pakuti moyo wao uli pa mtengo umodzi. Tsono tifuna kukamba nanu, owerenga athu, za malamulo a ngalawa zazikuru m'nyengo ya mliri, ndi momwe malamulowo anafikira pakhomo pathu.

Ziripo ngalawa za pa nyanja yamcere zonyamula anthu ongoyenda kukaona maiko. M'kati mwace muli zipinda zogona, modyera ndi mosewerera, ndipo anthu ace aposa a m'midzi khumi. M'mwezi wa February 2020 ina ya izo, dzina lace Diamond Princess, inaimitsidwa pa dooko la Yokohama ku Japan, iri ndi anthu 3,711, cifukwa nthenda ya Covid-19 idalowamo. Boma linalamula kuti apaulendo akhale yense m'cipinda mwace masiku 14, ndi kuti cakudya cidzitulidwa pakhomo. Koma anchito a m'ngalawamo sanaleka kugwira nchito, nagona ndi kudya pamodzi monga kale. Potsiriza anthu 712 anapezeka ndi nthendayo. Lamulo linasunga alendo, koma linaiwala owatumikira.

Nzeru yoimitsa ngalawa ndi yakale. M'caka ca 1918, pa mliri wa cimfine umene unafikanso kuno kwathu, ngalawa yochedwa Talune inakoceza ku Apia, m'dziko la Samoa, iri ndi odwala, ndipo anawalola kutsika. Munthu mmodzi mwa asanu alionse a dzikolo anafa. Pa zisumbu zoyandikana nazo, zolamulidwa ndi Amereka, anatseka dooko, ndipo sanataya munthu ndi mmodzi yemwe.

Kuno ku Machinga ndi ku Balaka ngalawa zathu ndizo mabasi a ku Joni, m'mene anthu apumirana mpweya usana ndi usiku. Odwala oyamba m'Malawi analengezedwa pa 2 April 2020, ndipo posacedwa abale athu ambiri, atasowa nchito ku South Africa, anayamba kubwera podzera pa Mwanza. Mmodzi wa iwo anali mwana wa mlongo wathu. Anafika madzulo ndi cikwama cimodzi, atatha zaka zinai osaona kwao.

Apa ndipo panali mlandu. Mwambo wathu uti mwana wocokera kutali alandiridwe ndi manja awiri, amgwirire nkhuku, ndi mudzi wonse udze kudzamlonjera. Lamulo linati akhale payekha masabata awiri. Ndipo m'nyumbamo munali agogo ace, okalamba ndi ofooka pacifuwa. Ife, pokhala eni mbumba, tinati agone m'kanyumba ka kuseri, akhale ndi mbale yace ndi cikho cace. Amai ace analira, nati, “Acimwene, kodi mwana wanga wasanduka wakhate?” Anansi nawo anati maphunziro atiumitsa mtima. Sitibisa, usiku umenewo tulo sitinationa, ndipo kawiri konse tinafuna kumtsegulira. Cimene cinatigwira dzanja ndi mau a makolo, akuti cisoni cinapha nkhwali.

Koma tinakumbukanso za ku Blantyre. M'mwezi wa May caka comweco, anthu mazana obwera ku Joni anathawa pa Kamuzu Stadium, pamene anawasunga poyembekeza zotsatira za kuyezedwa, nadandaula za cakudya ndi pogona. Munthu wanjala sasunga lamulo. Cifukwa cace nsima ya mnyamatayo inatsogola kuomoledwa, ndipo madzulo onse tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iye pakhonde pace, ticeza mokweza mau. Tsiku lacisanu anati, “Malume, ndiwo za lero sindikumva kununkhira kwace.” M'mawa mwace thupi linatentha. Tinaitana wa zaumoyo wa m'dera lathu, amene anatilangiza za kumsamalira. Anadwala sabata lathunthu, nacira, ndipo m'nyumba yaikuru simunadwala munthu. Tsiku lomturutsa nkhuku ija inaphedwa, agogo ace naona nkhope yace pafupi.

Ngalawa za kunja zinayambanso kuyenda, poyamba ndi malamulo a katemera ndi a kuyezedwa asanakwere, ndipo malamulowo anacotsedwa pamene mliri unacepa. Koma miliri siitha. M'mwezi wa March 2022 kolera inayambira m'boma lathu lomwe la Machinga, nifalikira dziko lonse, ndipo asodzi a pa nyanja ya Chilwa aidziwa kuyambira kale.

Tsono abale, ukadzabwera wina, tisadzaone lamulo lopatula mlendo ngati cipongwe, ngakhale kulisandutsa ndende. Wopatulidwayo asenza katundu m'malo mwa mudzi wonse. Ciyenera ife kumtumira madzi, nkhuni ndi ndiwo, kukumbuka mai womphikira kuti nayenso atetezedwe, ndi kukhala pafupi pamene mau athu angamfikire.