Pamene Nthano Zoopsa Zidachoka pa Moto

Aliyense amene adakulira m'midzi ya kwa Phalula masiku aja dera lathu lidakali m'manja mwa boma la Machinga, Balaka asanalandire ulemu wokhala boma pa yekha m'chaka cha 1998, adzandichitira umboni kuti ngakhale tinali amphawi pa mchere, sopo ndi nsapato, pa nkhani zoimitsa tsitsi tinali olemera koposa; ndipo chuma chimenecho, monga chuma chilichonse cha makolo, chinali ndi osunga ake ndiponso malamulo ake amene mwana sankayerekeza kuwalumpha. Nthano sinkakambidwa dzuwa lili pamutu. Inkadikira kuti zokolola zilowe m'nkhokwe, ndi kuti mphepo ya mwezi wa June itikankhire tonse pafupi ndi moto, kumene agogo athu aakazi, manja ali kalikiliki kutongola chimanga m'lichero, ankayamba ndi liwu lotsika kuti padangokhala, ife ndi kuvomera kuti tili tonse.

Musaganize kuti zinali nthano zofewa. Munali zimphona zomeza mudzi wathunthu, afisi ovala khungu la munthu amene ankabwera kudzafunsira mbeta, ndi mwana woumbidwa ndi dothi amene mvula idamupeza ali kutali ndi kwawo. Ndikukumbukira mmene mlongo wanga wamng'ono ankagwirira nsonga ya chitenje cha agogo ndi manja onse awiri, maso ali tong'o, pamene iwo ankasintha mawu ndi kulankhula ngati fisi mkamwini. Ndipo kadzidzi akalira pa mlambe wa kuseri kwa nyumba, panalibe mwana wolimba mtima wopita yekha kukataya madzi. Koma mantha atafika pachimake, agogo ankatseka nthano potiuza kuti tikaphule mbatata, ife ndi kuyankha kuti yapserera, ndipo pomwepo fisi uja ankabwerera kwawo. Mantha athu anali moto wa pa mafuwa, umene umaphika nsima ndi kuotcha chala cha mwana wosamva, koma sulumpha kukagwira denga. M'nthano zonsezo simunkamveka dzina la munthu wamoyo. Mfiti ya m'nthano inkakhala m'mudzi wopanda dzina, ndipo m'mawa tinkapereka moni kwa nkhalamba zonse za m'mudzi mwathu mopanda chikayiko.

Titalowa sukulu tidapeza kuti ena mwa ana a dziko lino adaika mdima womwewo pa pepala. Buku la J. W. Gwengwe lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe lidandisowetsa tulo, pakuti mbalame ija yotsata wakupha mnzake ndi kuimba mlandu wake panjira yonse inandikumbutsa mwazi wa Abele wofuula kuchokera m'nthaka, ndipo idandiphunzitsa ndisanakule kuti mlandu suola. S. A. Paliani nayenso adalemba 1930 Kunadza Mchape, kutikumbutsa za nthawi imene midzi inkamwetsedwa mankhwala ofuna kuthetsa ufiti. Mabuku amenewa ankayenda m'manja ambiri kufikira chikuto chitathothoka, koma dzina la mlembi linkatsala pa tsamba loyamba, ndipo chimenecho ndichiyesa chinthu chachikulu: nkhani inali ndi mwini wake, woti ndi kumuyamika kapena kumudzudzula.

Pambuyo pake idadza nthawi imene zoopsa za m'moyo zidaposa za m'nthano. Matenda a Edzi adalowa m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa Zalewa, nayamba kutola anyamata ndi atsikana amene tinkayembekeza kuti adzatiika m'manda, kotero kuti m'chaka cha 1995 makamu a anthu adakhamukira kufupi ndi Liwonde, kwa Billy Chisupe, kukamwa mchape watsopano ndi chiyembekezo cha munthu womira amene agwira ngakhale udzu. Mwa alembi athu, amene adayang'ana mdima umenewo osaphethira ndi malemu Steve Chimombo wa ku Zomba, mwini wa ndakatulo za Napolo, amene m'chaka cha 2006 adatulutsa buku la nkhani zifupizifupi lotchedwa The Hyena Wears Darkness. Fisi wa m'bukumo si wa miyendo inayi. Ndi uja wa mwambo, wolowa m'nyumba usiku ndi chilolezo cha akuluakulu, atanyamula imfa m'thupi mwake. Ndimaliyesa buku loopsa kwenikweni chifukwa chilombo chake chimadya nafe m'mbale imodzi. Chisoni changa ndi chakuti lidalembedwa m'Chingerezi, ndipo amayi a kwa Phalula amene adaika ana awo m'zaka zimenezo, amene akadalimvetsa kuposa ophunzira onse a ku Chancellor College, sadalimve ndi makutu awo.

Pamene mabuku ankacheperachepera m'midzi, wailesi ndiyo idatenga malo a agogo. M'zaka zotsatira ufulu wa zipani zambiri, pulogalamu ya Nkhani za m'Maboma ya pa MBC idakhala mlendo wa usiku uliwonse, ndipo abambo ankayanika mabatire padzuwa masana kuti asaphonye za lichero logwa pa denga la munthu, kapena za ndondocha zopezeka kuchipinda kwa wamalonda. Apa chinthu chimodzi chidasintha, ngakhale ambiri sitidachione msanga: nkhani idaleka kuyamba ndi padangokhala, niyamba ndi dzina la mudzi ndi la mfumu. Komabe kunali akonzi amene ankasefa makalata asanawawerenge. Zitatero zidabwera nyumba za kanema pa msika, mmene ana ankalipira makobidi kukaona mafilimu a ku Nigeria odzaza ndi asing'anga ndi mizukwa, dzuwa likuswa mtengo, popanda wamkulu wowatsekera nthano.

Lero nkhani yoopsa imafika pa foni, ndi mawu a munthu wosadziwika wojambulidwa pa WhatsApp, amene amalumbira kuti adaona ndi maso ake, natchula mudzi, tsiku, ngakhale dzina la nkhalamba yoganiziridwayo. Ndipo wolandira, asanafunse kuti mwini mawuwo ndani, amaitumiza kwa ena makumi. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, koma kandimverere wa masiku ano amanena za mwazi. Tidaziona m'zaka za 2002 ndi 2003, tidazionanso m'chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osalakwa adaphedwa ndi makamu chifukwa chongokhala alendo pamalo. Kwa anansi athu a ku Neno, mu January 2016, nkhalamba zinayi zidaphedwa mwankhanza mphezi itapha mtsikana, ngakhale lamulo la za ufiti la m'chaka cha 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Ndikaganiza za agogo anga, ndi maso awo ofiira ndi utsi, ndi luso lawo lolankhula ngati fisi, mtima umandiwawa, pakuti ndidziwa kuti akadakhala moyo lero, luso lomwelo likadawaika pa ngozi pakati pa zidzukulu zawo zomwe.

Sindili m'gulu la iwo amene amati nkhani zoopsa zithe, kaya chifukwa cha chipembedzo kaya cha sukulu, pakuti mtima wa munthu umafuna kuyang'ana m'phompho, ndipo ukaletsedwa pa khomo umalowera pa zenera. Chimene ndilakalaka ndi chakuti mwana wina wa kuno, wodziwa kulira kwa malole usiku pakati pa Zalewa ndi Chingeni, wodziwa nkhope ya mayi wogulitsa makala amene mwamuna wake adapita ku Johannesburg osabweranso, asonkhanitse nkhani zoopsa khumi kapena khumi ndi ziwiri m'Chichewa chathu, aike dzina lake pa chikuto, ndipo midzi ya m'nkhanizo aipatse maina opeka. Makina osindikizira sali kutali, pakuti a Montfort Media ali pa Balaka pomwepa, ndipo aphunzitsi a m'masukulu a kwa Phalula angathe kuwerengera ana nkhani imodzi Lachisanu lililonse asanaweruke.