Kuseri kwa Zithunzi za ku Durban

Mwezi wa June ukafika, ife a ku Tsangano timadziwa kuti chofunda chimodzi sichikwanira. Nkhungu imakuta mapiri kuyambira mbandakucha, ndipo ana opita ku sukulu amayenda manja ali m'khwapa. Ndi m'nyengo yotereyi pamene zithunzi zochokera ku Durban zimatilasa mtima koposa. Mwana wa m'mudzi mwathu, amene dzana lomweli tinkakumba naye mbatata ya kachewere, akuoneka pa foni ataima pa mchenga, dzuwa likuswa mtengo, nyanja yopanda tsidya ili kumbuyo kwake. Foniyo imayenda dzanja ndi dzanja, ndipo anyamata amene akadali pa sukulu amaiyang'anitsitsa osanena kanthu. Popeza zithunzi zotere zayamba kulamulira maganizo a ana athu, nkoyenera kuti ife makolo ndi abale tiphunzire kuziwerenga bwino.

Tisanamizane, mzindawo ngwokongola. Uli m'mbali mwa nyanja yamchere ya India, m'dziko la South Africa, ndipo madzi ake ngofunda kotero kuti anthu amasambira ngakhale m'miyezi imene ife kuno tikuothera moto. Azulu amautcha eThekwini. Dzina loti Durban lidaperekedwa mu 1835 polemekeza bwanamkubwa wa Angerezi, Benjamin D'Urban. Mlendo akafika amayamba ndi gombe lotchedwa Golden Mile, pamene mahotela ataliatali andanda moyang'ana mafunde. Kumapeto kwake kuli uShaka Marine World, malo amene adatsegulidwa mu 2004, kumene munthu amaona nsomba zikuluzikulu zam'nyanja zikusambira kuseri kwa galasi. Kumpoto kuli bwalo la Moses Mabhida, lokhala ndi chipilala chopindika ngati uta, limene lidamangidwira mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010. Palinso munda wa maluwa ndi mitengo umene udayamba mu 1849. Amene wafika kumeneko nasangalala sadalakwe, pakuti maso nawonso ali ndi njala yawo.

Koma mchenga umene mwana wathu waimapowo uli ndi mbiri. M'masiku a tsankho, magombe abwino a ku Durban adali a azungu okhaokha, ndipo zikwangwani zinkanena zimenezi poyera m'Chingerezi, m'Chiafrikaans ndi m'Chizulu. Munthu wakuda ankaloledwa kusesapo, osati kusambapo. Magombewo adatsegulidwira mitundu yonse mu November 1989, pa ulamuliro wa F. W. de Klerk. Choncho agogo athu amene adapita ku Joni ndi Wenela kapena Theba sakadajambulitsa chithunzi chotere ngakhale akadafika pa gombepo ndi ndalama m'thumba. Tikachiona lero, tiyambe tathokoza kuti khomo limene lidali lotseka lidatseguka.

Pa gombe lomwelo pali chinthu china chimene alendo amakonda kujambula: tingolo tamatayala awiri tokokedwa ndi munthu, wokokayo atavala mikanda ndi chisoti chachikulu chanyanga. Tingoloti tidayamba kuyenda mu Durban m'zaka za m'ma 1890. Ife amene tidamva kwa akuluakulu za machila, momwe atsamunda ankanyamulidwira pa mapewa a makolo athu, sitingaone ngolo yotere popanda kufunsa kuti wakwerayo ndani ndipo akukokayo ndani. Funso limeneli ndilo mfungulo ya mzinda wonse. Pa chisangalalo chilichonse cha mlendo pali munthu wina amene akutuluka thukuta, ndipo kawirikawiri munthuyo saoneka m'chithunzi.

Taganizani za chakudya. Kuyambira mu 1860 Angerezi ankabweretsa Amwenye kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe ya ku Natal, ndipo zidzukulu zawo zidapatsa mzindawu fungo lake. Mu msika wa Victoria Street muli milumilu ya tsabola ndi zokometsera ndiwo zamitundumitundu. Chakudya chotchuka koposa ndi bunny chow: amatenga buledi, nkuchotsa zam'kati, nkuthiramo nyemba kapena nyama yansuzi wowawa tsabola. Ambiri amasimba kuti chidayamba ngati chakudya cha antchito osauka, amene adalibe mbale yonyamulira kapena sankaloledwa kukhala pa tebulo. Lero alendo olemera amachifunafuna ngati chinthu chapamwamba. Nanga amene amasenda anyezi, kutsuka mapoto ndi kukolopa pansi alendo atapita ndani? Mwa iwo muli anthu ochokera ku Zimbabwe, ku Congo, ku Mozambique, ndi ana athu a kuno ku Malawi.

Ife a ku Tsangano sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Munthu wodya tchipisi pa chiwaya mu Limbe kapena mu Lilongwe safunsa amene adagaula munda, amene adagula feteleza pa ngongole, kapena amene adasenza thumba kukafika nalo pa msewu. Iye amangothira mchere nkudya. Timadziwa kuwawa kwa kukhala kuseri kwa mbale ya munthu wina. Kodi tingaiwale bwanji zimenezi tikaona mwana wathu atajambulitsa pakhomo pa lesitilanti yowala, osadzifunsa ngati adalowamo ngati wodya kapena ngati wotsuka mbale?

Usiku ukagwa, msewu wa Florida Road umadzaza ndi magalimoto, nyimbo ndi anthu ovala bwino amene akusuntha kuchoka pa malo odyera kupita pa malo omwera. Kwa mlendo wa sabata imodzi, usikuwo ndi phwando. Kwa mlonda wa pageti, woyang'anira magalimoto ndi woperekera zakumwa, usiku womwewo ndi ntchito yoimirira mpaka tambala. Kukacha amakagona m'kachipinda kamene agawana anthu anayi kapena asanu, kutali ndi nyanja. Amene chiphaso chake chidatha amayenda mtima uli m'mwamba, ndipo bwana akam'mana malipiro alibe kokadandaula. Palinso msampha wina woopsa kuposa apolisi. Mnyamata amene watumikira chisangalalo cha ena mwezi wathunthu amafuna kulawako tsiku lolandira, ndipo ndalama imene ikadagula malata ku Tsangano imatha usiku umodzi. Mabanja ena adatha motero, mkazi akudikira kuno, mwamuna atayamba moyo wina uko. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Sitingaiwalenso April wa 2015, pamene magulu a anthu adaukira alendo mu Durban. Anthu ena adaphedwa, masitolo adaphwanyidwa, ndipo zikwi za anthu zidathawira m'misasa ku Isipingo, ku Chatsworth ndi ku Phoenix. Boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga Amalawi, ambiri nkubwera ndi zovala za m'thupi zokha. Nkhaniyi imatikhudza mwapadera ife a m'boma la Ntcheu. Angoni a Maseko, amene mafumu awo ndi a Gomani, adachokera kumwera komweko m'masiku a nkhondo za Shaka. Mdzukulu wa Mngoni akabwerera kufupi ndi kumene makolo ake adachokera, nkuima pakhomo lolembedwa dzina la Shaka, amatchedwa mkwerekwere. Malire amene adalembedwa ndi anthu adasandutsa abale kukhala alendo.

Komabe mzindawo uli ndi anthu amtima wabwino, ndipo pali malo amodzi amene tikadakonda kuti mlendo aliyense akawaone. Pakati pa tauni, pafupi ndi msika wa Victoria Street, tchalitchi chachikulu cha Emmanuel chidayandikana ndi mzikiti wakale wa Juma. Pambali pa tchalitchicho pali nyumba yotchedwa Denis Hurley Centre, yokumbukira Ambuye Denis Hurley, amene adatsogolera Mpingo wa ku Durban kuyambira 1947 mpaka 1992 nalimbana ndi tsankho mopanda mantha. Kumeneko osowa pokhala amalandira chakudya, odwala amaonedwa ku kachipatala, ndipo othawa kwawo amapeza wowamvera. Otumikirawo ndi Akhristu, Asilamu ndi Ahindu pamodzi. Mwa matebulo onse a mu Durban, limeneli ndi limene safunsa munthu chiphaso kapena ndalama asanam'khazike pansi.

Tsono ife otsala kuno tichitenji? Choyamba, tisanyoze mwana amene watitumizira chithunzi cha pa gombe. Mwina lidali Lamulungu lokhalo limene adapuma mwezi wonse, ndipo malaya adabwereka kwa mnzake kuti amayi ake asade nkhawa. Chithunzicho ndi chikondi, ngakhale sichinena zonse. Chachiwiri, tisachisandutse chifukwa chomusenzetsa katundu wosatha. Ambiri amabisa mavuto awo poopa kuti kumudzi adzawaseka, ndipo ife tikamangoimba foni pofuna ndalama timawakankhira m'bodza lomwelo. Tiyambe ndi mafunso ena: Kodi mwagona pati? Mukudya? Mapepala anu ali bwino? Mkazi wanu mwalankhula naye liti?

Chachitatu, tiwauze zoona ang'onoang'ono amene akufuna kusiya sukulu. Njira ndi yaitali: kudutsa Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge kukafika ku Johannesburg, kenaka makilomita ena oposa 550 kutsikira kunyanja. Amene watsimikiza kupita apite ndi pasipoti yakeyake, ndi luso m'manja, ndiponso akudziwa dzina la munthu amene akamulandire. Safunsa adadya phula. Ndipo amene wabwerako chimanjamanja tisam'lozere zala pa msika, pakuti kubwera wamoyo nkwabwino kuposa kufera kutali chifukwa cha manyazi.

Tsiku lina ena mwa ife tidzapita ku Durban ngati alendo enieni, kukaona nyanja ndi kulawa chakudya chake. Tikadzakhala pa tebulo, tidzam'yang'ane kumaso amene watibweretsera mbale, tim'patse moni ndi kum'funsa kwawo. Tisadzadabwe akadzatiyankha m'Chichewa.