Masheya, Makompyuta ndi Sukulu

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa masamu mu Folomu 4 anandilembera kuchokera ku Johannesburg komwe akugwira ntchito. Anati: "Aphunzitsi, ndasunga kandalama. Anzanga akuti ndigule masheya a kampani yopanga makompyuta chifukwa masukulu onse akufuna makompyuta. Inu mukuona bwanji?"

Ndinayamba ndaseka. Ine amene malipiro amandithera mwezi usanafike pakati, lero ndasanduka mlangizi wa masheya! Komabe ndinamuyankha, ndiye ndati ndikugawireniko, aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga.

Ndinamufotokozera nkhani ya Apple. Kampaniyi inayamba kalekale kunyengerera masukulu. Mu 1983 inapereka makompyuta aulere kumasukulu masauzande ambiri a ku California. Sichinali chifundo chokha ayi. Mwana akazolowera makina ako ali wamng'ono, akadzakula adzagula omwewo.

Pa 28 Seputembala 2000, Apple inalengeza kuti phindu lake lichepa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti masukulu a ku America sanagule monga ankayembekezera. Kutacha, mtengo wa sheya unagwa ndi theka. Tsiku limodzi lokha! Nthawi imeneyo n'kuti Dell itawalanda kale makasitomala ambiri a m'masukulu. Apple sinagonje. Mu 2002 inatulutsa eMac, kompyuta yopangira makalasi, ndipo chaka chomwecho boma la Maine linayamba kugawa ma iBook kwa ana a giredi 7.

Koma tamvani mmene zinathera. Pulogalamu yaikulu yogawa ma iPad m'masukulu a ku Los Angeles, imene inayamba mu 2013, inalephereka. Masukulu ambiri a ku America anathamangira ma Chromebook chifukwa ndi otchipa. Ngakhale zinali choncho, mu Ogasiti 2018 mtengo wa kampani yonse ya Apple unafika madola 1 thililiyoni. Chimene chinaikweza si kalasi, koma makamaka iPhone imene inatuluka mu 2007.

Ndiye ndinamuuza mnyamatayo kuti sukulu ndi kasitomala wovuta. Imagula kamodzi pachaka, imadikira bajeti ya boma, ndipo imasankha chotchipa. Izi ife aphunzitsi timazidziwa bwino kuposa akatswiri a masheya. Pasukulu pathu pali chipinda cha makompyuta amene tinalandira ngati mphatso zaka zapitazo. Tsiku lotsegulira tinavina. Lero ambiri ndi ofunditsidwa nsalu. Ena anapsa ndi kuthimathima kwa magetsi, ena akungosowa mawusi basi. M'mabuku a kampani imene inawapanga, onsewo ndi malonda amene anayenda bwino. Wogula masheya amawerenga makina amene agulitsidwa, pomwe ine ndimawerenga amene ayaka Lolemba m'mawa ana 60 ataima pakhomo.

Malangizo anga anali awiri. Asanagule, ayambe wawerenga lipoti la pachaka la kampaniyo kuti aone kumene phindu lake limachokeradi, osangotengeka ndi mawu akuti "maphunziro". Chachiwiri, asaikemo ndalama ya malata a nyumba ya mayi ake.

Anayankha kuti wamva, kenako anafunsa kuti mamawusi akusowa angati. Ndinati asanu ndi atatu. Akuti abwera nawo pa Khirisimasi. Ana a Folomu 3 ndawauza kale, ndiye mwana wanga, ngati ukuwerenga izi, usandichititse manyazi.